Mwana wa ng'ona wa ku Canada ndi maiwe ake 12

Akuluakulu anati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Mwambiwu umathandiza kwambiri pa nthawi ya manyazi. Bambo amene ndalama za fizi zamuvuta amaunena potumiza mwana kwa amalume ake, ndipo aliyense amagwedeza mutu ngati kuti ulendowo ndi wa nzeru zakuya. Koma akuluakuluwo anaiwala kutchula nambala. Maiwe angati? Awiri? Asanu? Ku Canada kuli mkulu wina, dzina lake Mike Sillinger, amene moyo wake wonse wa masewera unakhala ngati kafukufuku wa funso limeneli. Iye anafika pa 12, ndipo mu ligi yaikulu ya hockey ya pa ayezi, ya NHL, palibe amene anasewerapo matimu ochuluka kuposa iyeyu.

Tiyambe ndi dziwe lenilenilo. Sillinger anabadwa mu 1971 ku Regina, m'chigawo cha Saskatchewan, kumene nyengo yozizira ikafika madzi a m'maiwe amaundana mpaka anthu n'kumathamangapo. Ng'ona yeniyeni singathe kumeneko ngakhale tsiku limodzi. Ana amavala nsapato zokhala ndi chitsulo chakuthwa kunsi, n'kutenga ndodo yokhota kumapeto, n'kumalimbirana kampira kakuda kophwatalala kotchedwa puck. Timu iliyonse imakhala ndi anthu 6 pabwalo, kuphatikizapo goloboyi, ndipo masewera amakhala ndi zigawo zitatu za mphindi 20. Liwiro lake ndi loti munthu akasewera mphindi imodzi yokha amakhala wapuma wefuwefu, n'kulumpha kampanda kuti mnzake alowe. Anthu awiri akaponyerana zibakera, woyimbira amawadikira kaye atope, kenako amawapatsa chilango chokakhala pansi mphindi zisanu. Akatha amabwerera m'bwalo ngati palibe chachitika.

M'dziwe lake loyamba mnyamatayu anali chilombo. Posewera timu ya achinyamata ya Regina Pats, anamwetsa zigoli 50 kapena kuposa apo m'sizoni zitatu zotsatizana. Mu 1989, pa mwambo umene matimu a NHL amasankha osewera achinyamata mosinthanasinthana, Detroit Red Wings inamutenga pa nambala 11. Mu 1991 anapambana mendulo ya golide ndi timu ya achinyamata ya dziko lake, ndipo mu 1992 anatenga chikho cha Calder Cup ndi timu yaing'ono ya Detroit ya ku Adirondack. Aliyense ankaona kuti mwanayu akalambira ku Detroit. Vuto linali lakuti malo ake apakati kutsogolo anali kale ndi eni ake, Steve Yzerman ndi Sergei Fedorov, ndipo anthu amenewa sanali oti n'kuwauza kuti tasunthani pang'ono.

Apa mwambi wathu uli ndi kachinyengo. Ukaumva umaganiza kuti kamwana ka ng'onako kamadzuka m'mawa, n'kuona kuti nsomba zachepa, n'kuyamba kokha ulendo. Ku NHL sizitero. Akuluakulu a matimu awiri amaimbirana foni, n'kugwirizana kuti iwe tenga uyu, ine undipatse uyo, ndipo wosewerayo, ngati mu kontirakiti yake mulibe mawu oletsa, amangouzidwa nthawi ya ndege. Mawa lake akuyenera kukhala atavala jezi ina, akukumbatirana ndi anthu amene sabata yatha ankamukankhira kukhoma. Sillinger anagulitsidwa motere ka 9, ndipo m'sizoni 8 anayamba ndi timu ina n'kumaliza ndi ina. Anthu anamupatsa dzina loti Suitcase, ndipo sindikuona amene angawaimbe mlandu.

Ulendo wake unayenda chonchi. Mu Epulo 1995 anachoka ku Detroit kupita ku Anaheim. Mu 1996 anali ku Vancouver. Kumayambiriro kwa 1998 anadutsa kontinenti yonse kupita ku Philadelphia, ndipo chaka chomwecho chisanathe anali ku Tampa Bay. Mu Marichi 2000 anapita ku Florida Panthers, mu Marichi 2001 ku Ottawa. Mwezi wa Marichi unali woopsa kwa iye, chifukwa ndi pamene msika wogulitsana osewera unkatsekedwa, ndipo matimu ankagula mothamanga. Pachifuwa pake panadutsa bakha wa ku Anaheim, chinsomba cha ku Vancouver, kambuku wa ku Florida, kenako nkhandwe ya ku Phoenix ndi chimphaka cha mano ataliatali cha ku Nashville. Pafupifupi nyama zonse za m'nthano anazivala, kupatula ng'ona.

Chimene chimandiseketsa kwambiri chinachitika mu Julaye 2003. Sillinger anali atakhala zaka ziwiri ku Columbus, timu imene anaisankha yekha, mwina akuganiza kuti tsopano akhoza kukhoma zithunzi pakhoma. Columbus inamugulitsa ku Dallas posinthana ndi Darryl Sydor. Tsiku lomwelo Dallas inamupititsa ku Phoenix posinthana ndi Teppo Numminen. Ndiye kuti munthuyu anakhala wosewera wa Dallas Stars kwa maola ochepa chabe, osavala jezi, osaponda bwalo, osadziwa ngakhale komwe kuli chimbudzi cha osewera. Malonda awiriwa tikuwawerenga ngati amodzi pa 9 aja, ndipo dziwe limenelo sitiliwerengera pa 12 aja. Anangoliona pa mapu.

Ndiyeno pali nkhani ya chikho. Stanley Cup ndi chimene wosewera aliyense wa hockey amalota, ndipo chikhochi chinkamuzemba Sillinger mwaluso lodabwitsa. Detroit itangomugulitsa, inafika mu fainolo chaka chomwecho cha 1995, kenako inatenga chikho mu 1997, 1998 ndi 2002. Vancouver inasewera fainolo mu 1994, iye anafika patapita zaka ziwiri. Philadelphia inasewera fainolo mu 1997, iye anafika chaka chotsatira, mbale zitatsukidwa kale. Tampa Bay anaisiya ili pansi penipeni, mu 2004 inatenga chikho. Mu 2007 fainolo inali ya Anaheim ndi Ottawa, onse awiri matimu ake akale. Kaya anasapota iti pa TV, tingangomumvera chisoni.

Wina anganene kuti munthu wogulitsidwa kawirikawiri chonchi ndiye kuti anali wosafunika. Ine ndikuona mosiyana. Pa msika sipagulitsidwa chinthu popanda wogula, ndipo ka 9 konse panapezeka wina amene anati ameneyo ndikumufuna, n'kuperekapo wosewera wake kapena mwayi wake wosankha wachinyamata. Paja amati mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa. Kalumo ka Sillinger kanali pa face-off, pamene woyimbira amagwetsa puck pakati pa osewera awiri owerama, ndodo zili pa ayezi, ndipo wachangu amaikokera kwa anzake. Zimatenga sekondi imodzi, koma timu ikamatsogola ndi chigoli chimodzi kutatsala masekondi 20, kochi amayang'ana pabenchi kufuna munthu amene sataya puck imeneyo. Sillinger anali munthu wotero. Ankathanso kuteteza pamene mnzake ali pachilango, ndipo mwayi ukapezeka ankamwetsa. Zinthu zimenezi timu iliyonse imazifuna, koma palibe timu imene imalira misozi ikazitaya. Anali wabwino mokwanira kuti agulidwe, koma osati mpaka pokanizidwa.

Kodi anakuladi m'maiwe onsewa? Manambala akuti inde. Sizoni ya 2004-05 inafa yonse chifukwa cha mkangano wa malipiro pakati pa eni matimu ndi osewera. Masewera atayambiranso, Sillinger, ali ndi zaka 34, pa msinkhu umene anzake ambiri amakhala ayamba kufunsa za ntchito ya ukochi, anamwetsa zigoli 32 ndi kupeza mapointi 63, zochuluka kuposa sizoni ina iliyonse pa moyo wake wa mu NHL. Ndipo monga mwa mwambo wake, anazigawa pakati pa matimu awiri: anayambira ku St. Louis, mu Januwale 2006 n'kugulitsidwa ku Nashville. Ngakhale chaka chake chabwino kwambiri sichinamupulumutse ku bwalo la ndege. Anamalizira ku New York Islanders, kumene anakwanitsa masewera 1,000, mpaka vuto la m'chiuno linamuimitsa mu 2009. Zonse pamodzi: masewera 1,049, zigoli 240, mapointi 548.

Koma musathamangire kuombera m'manja akuluakulu athu, chifukwa pali mboni ina yowatsutsa. Pa mwambo womwe uja wa 1989, Detroit itatenga Sillinger pa nambala 11, inadzatenganso mnyamata wa ku Sweden, Nicklas Lidström, pa nambala 53. Ameneyu anakhala ku Detroit sizoni 20, osasuntha, ndipo anatenga Stanley Cup kanayi ndi mphoto ya wotchinga kumbuyo wabwino koposa ka 7. Dziwe limodzi, ng'ona yonenepa. Oteteza mwambi adzati naye anawoloka nyanja kuchoka kwawo, choncho maiwe ndi awiri. Chabwino, tiwalole. Koma awiri ndi 12 si zofanana, ndipo amene ananyamula makatoni akudziwa.

Za makatonizi mwambi uli chete. Sunena za amene amatsala m'nyumba bambo atakwera ndege ndi chikwama chimodzi, amene amakambirana ndi mwini nyumba, kufunafuna sukulu ina ya ana pakati pa teremu, ndi kuphunzira kumene kuli chipatala mu mzinda wachilendo. Sillinger ali ndi ana aamuna atatu, onse osewera hockey. Wamng'ono, Cole, anabadwira ku Columbus mu 2003, miyezi iwiri bambo ake asanagulitsidwe. Mu 2021 timu ya Columbus yomweyo inamusankha pa nambala 12, malo amodzi pambuyo pa bambo ake. Mzinda umene unathamangitsa bambo unaitana mwana, ndipo ndikukhulupirira kuti kunyumba kwawo anamulangiza kuti ayambe wachita lendi.

Masiku ano ambiri tikukhala moyo wa Sillinger popanda malipiro ake. Ntchito ndi za makontirakiti a chaka chimodzi, pulojekiti ikatha ndiye kuti nawe watha, ndipo CV ya munthu wa zaka 35 imafika masamba anayi. Pa intaviyu, bwana yemweyo amene amalemba anthu ntchito ya miyezi 6 amakuyang'ana pamwamba pa magalasi n'kufunsa chifukwa chimene sukhazikika. Ukakhala malo amodzi zaka 15, amafunsanso ngati ulibe masomphenya. Mwambi umodzi womwewo amautembenuza malinga ndi amene akufuna kumukana.

Choncho inu ofunsira ntchito, musachite manyazi ndi masamba anayiwo, koma onetsetsani kuti muli ndi kanthu kamodzi kamene mumakachita bwino kuposa onse mu ofesi, koti wina akakufunireni pa foni. Ndipo inu abwana, mukamapereka kalata yosamutsa munthu, miyambi isiyeni. Mulipireni lole yonyamula katundu.