Chuma changa chikadali kumwamba

Anzanga kuno ku Chifunde ali kalikiliki kukumba golide. Ine msana sundilola, choncho ndinasankha kuyang'ana kumwamba.

Inandikopa ndi nkhani ya ku Kenya. Pa 30 Disembala 2024, chitsulo chozungulira cha makilogalamu pafupifupi 500 chinagwa kuchokera mumlengalenga m'mudzi wa Mukuku. Eni mudzi anachita mantha, koma ine nditamva pa wailesi ndinayamba kuwerengera mtengo wa kilo kwa ogula zitsulo zakutha. Mutu ndili nawo. Chigawo china cha munda sindinaokeremo fodya, kuopa kuti katundu wanga angadzaphwanye mbewu.

Kenako ndinaitana mwana wa mlongo wanga, wa foni yaikulu uja, kuti andiuze tsiku limene chitsulo changa chidzagwe.

"Malume, tsikulo ngakhale a NASA salidziwa," anatero.

Akuti kumwambako kuli kampweya kochepa kamene kamakoka masetilaiti pang'onopang'ono mpaka kuwatsitsa. Vuto n'lakuti kampweyako sikamvera munthu. Dzuwa likalusa kamatentha n'kufufuma, ndiye kukoka kumakula, ndipo akatswiri ndi makompyuta awo amangoyerekeza kuti kafufuma bwanji. Mu Febuluwale 2022 kampani ya SpaceX inaponya masetilaiti a Starlink 49, mkuntho wochokera ku dzuwa unawapeza ali pafupi, 38 n'kubwerera, kupsera m'njira. Chitsulo chonsecho kupsa, ine ndili pano ndi sikelo yobwereka!

"Nanga malo?" ndinafunsa, mawu atayamba kuchepa.

Akuti zinthuzi zimathamanga makilomita pafupifupi 8 pa sekondi. Owerengera akaphonya ndi mphindi imodzi yokha, katundu amene amalunjika m'munda mwanga wadutsa kale mzinda wa Tete, akukalemeretsa munthu wina amene sanasiye ndi mzere umodzi womwe.

Mnyamatayo anafuna kunditonthoza. Anati chombo cha NASA chotchedwa Skylab chitagwera ku Australia mu 1979, a boma la ku Esperance analembera NASA chindapusa cha madola 400 chifukwa chotaya zinyalala. Pamenepo mtima unakhalako pansi. Kalata ya chindapusa ndalemba kale, yangotsala deti.

Dzulo ndinapita kukayendera malo anga aja, ndinapeza mayi akunyumba atadzalapo nyemba, zamera bwino lomwe.

"Abambo," anatero osadzutsa ndi mutu womwe, "a NASA anuwo akakuuzani tsiku mundidziwitse, ndikolole msanga."