Kalozera wa Wofuna Kulephera Phunziro la Tizirombo

Mphwanga, ndamva kuti wapeza malo kuyunivesite ya UNZA, kusukulu ya madokotala a ziweto ya Samora Machel, ija anathandiza kumanga a ku Japan. Za kukhoza akuuza kale ambiri. Ine ndikuuze za kulephera, chifukwa nakonso kumafuna dongosolo.

Yamba ndi kudana ndi maikulosikopu. Chimakina chija chimathyola msana, diso n'kumangotuluka misozi. Mnzako akapeza dzira la njoka ya m'mimba, iwe ingogunditsa foni pomwe amaika diso, jambula, ponya pagulu la WhatsApp, ntchito yatha. Akakukakamiza kusuzumira wekha, chilichonse chobulungira uzichitcha dzira, kaya ndi kathovu ka mpweya, kaya kanyenyeswa ka ndiwo zadzulo. Nyongolotsi ya Ascaris imaikira mazira pafupifupi 200,000 patsiku, ndiye tsiku lina udzalasa ndithu.

Magazi oyezera malungo uziwapaka pagalasi mochindikala ngati chiponde pabuledi. Ukathira utoto wa Giemsa usawerenge mphindi. Pita ukadye nsima ku Kalingalinga, ukabwerako upeza galasi lonse lili bii, ndipo kadontho kalikonse ukhoza kukalemba kuti Plasmodium falciparum. Mafuta a palenzi usapukute, wobwera pambuyo pako alaweko naye.

Mayina a Chilatini uwaloweze usiku womaliza, ndipo usafunse kwawo kwa kachirombo. Trypanosoma brucei rhodesiense uzimuona ngati mlendo wobwera kudzazunza ana a anthu. Usalabadire zoti Stephens ndi Fantham anamupatsa dzinali mu 1910 atamupeza m'magazi a munthu amene anatenga kaodzera kuchigwa cha Luangwa, mtsinje womwe uja timawoloka popita kwa agogo ku Chipata. Theileria parva nayenso samala naye. Ukangodziwa kuti ndiye denkete, wobwera ndi nkhupakupa n'kupulula makhola ku Southern Province, uyamba kumukumbukira osafuna, ndipo ntchito yathu yawonongeka.

Tsopano za nkhumba, pamene pagona mwayi wako waukulu. Loweruka ukakhala pamowa ku Kabwata, nyama yowotcha uzilanda ikadali yofiira mkati, ndipo timibulu toyera tonga njere za mpunga uzititenga ngati mafuta. Pamayeso ulembe molimba mtima kuti timibulu timeneti ndito timakwera kuubongo n'kuyambitsa khunyu. Anthu ambiri amatero, ndipo ndi yankho lolakwika bwino kwambiri. Nyamayo imangokupatsa njoka ya Taenia solium m'matumbo. Zokafika kuubongo zimachokera m'mazira ake, otuluka m'chimbudzi cha munthu n'kulowa m'kamwa kudzera m'manja osasamba, madzi kapena ndiwo, mwakuti ngakhale amene sanalaweko nkhumba chibadwire akhoza kudwala. Chiganizo chimenecho uchiiwale msanga, chili ndi mamalikisi ambiri.

Uzikhulupiriranso kuti matenda amalemekeza mipanda. Kolera itavuta mu Januwale 2024, mpaka bwalo la masewera la Heroes kusanduka chipatala ndi sukulu kuchedwa kutsegulidwa, anzeru ngati iwe ankati zimenezo n'za kumakomboni basi. Ku Kabulonga ndi ku Woodlands kuli mawaya amagetsi ndi agalu aukali, Vibrio cholerae angalowere pati? Zoti tomato ndi repu wa patebulo pawo anagulidwa kumsika wa Soweto, atawazidwa madzi osadziwika kochokera, usaziike m'mutu.

Chovala choyera cha mulabu usachisiye mulabu. Uzikwera nacho minibasi, uzidyera nacho vitumbuwa, manja uzipukutira pomwepo, kuti kondakitala azikuitana kuti adokotala. Ukatsika ku Chelstone, azakhali adzakukokera kuseri kwa nyumba kuti uwaonere galu wawo amene wasiya kudya, makutu ali nkhupakupa zokhazokha, nkhama zayera mbee. Usamugwire. Pinda manja kumbuyo, gwedeza mutu pang'onopang'ono, uwauze kuti zimenezo muphunzira chaka chamawa. Sukhala utanama, pakuti chaka chamawacho udzakhala uli m'kalasi yomweyi, pampando womwewo.