Denga la azakhali

Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga. Ankanena za denga la nkhokwe, lija amalimangira pansi kenako n'kumemeza amuna a m'mudzi kuti adzalikweze. Za wigi sankazidziwa, koma ine ndaona kuti mwambiwu unkangodikira azakhali anga a kwa Kawinga.

Tsitsi lawo silinathawe usiku umodzi. Linkabwerera m'mbuyo pang'onopang'ono ngati mmene inaphwera nyanja ya Chilwa mu 1995. Zaka zambirimbiri za meshi yokoka mpaka nsidze kukwera, kuphatikizapo mankhwala owongolera tsitsi aja owotcha ngati kambuzi, zinafikitsa chipumi pakati pa mutu. Mpango unasunga chinsinsi, poti kwathu kuno mayi wovala mpango safunsidwa chifukwa. Koma kunabwera ukwati wa mwana wawo ku Balaka, ndipo azakhali analumbira kuti mayi a mkwati saoneka ngati akupita kudimba.

Kokagula kumsika wa pa Ntaja tinapita mitu inayi: eni mutu, ang'ono awo, alamu awo, ndi ine wonyamula galasi.

"Iyi ndi Brazilian yeniyeni, mayi," anatero wogulitsa, akuisisita ngati mphaka.

Mtengo wake ukanagula mbuzi, chingwe chomwe. Chonsecho tsitsi lambiri lotchedwa Brazilian ku Brazil silikudziwako. Limachokera ku India, kumene anthu amameta mpala pa kachisi wa Tirupati popereka nsembe, ndipo mawigi ochuluka amasokedwa m'mafakitale a ku Xuchang, ku China. Wigi imodzi imatha kukhala ndi tsitsi la anthu angapo. Apa ndiye mwambi unaima chadodolido: mitu yambiri yasonkha udzu, kusenza kwatsalira mutu umodzi.

Azakhali anasankha ya pulasitiki, yotsika mtengo. Wogulitsa anachenjeza kuti asamayandikire nayo mbaula, imasungunuka ngati jumbo. Iwo anasangalala, poti anapeza chifukwa chosaphikira paukwati.

Kufolera kunatenga m'mawa wonse. Tsitsi lotsalalo analiluka mizere kuti likhale phaso, pamwamba kachipewa ka neti, kenako mapini. Ang'ono awo akuti yapendekera kumanzere, alamu akuti kumanja. Ine ndinaona kuti yatsikira m'maso, koma mwana salankhula pomanga nyumba.

Unali mwezi wa Okutobala. Amene anadutsako pa Liwonde nyengo imeneyi akudziwa kuti ngakhale abuluzi amafuna mthunzi. Mu wigi munali ngati m'nyumba ya malata yopanda siling'i. Kuyabwa kunayamba, ndipo poti kukanda n'kosatheka, azakhali ankangodziwomba mutu ndi chikhatho, pha pha, ngati akumbukira ngongole.

Minibasi itachedwa kudzaza, anakwera kabaza wa njinga yamoto. Dzanja limodzi linagwira chitsulo, lina chikwama. Denga linatsala lopanda mlonda. Kamvuluvulu anangodutsa kamodzi, nyumba yonse sasu!

Wakabaza anaima. Ana asukulu anaithamangitsa, galu naye analowa mpikisano, koma anaiwakha ndi mayi wina wogulitsa matemba, amene anaikung'untha fumbi n'kuwaveka yekha, uku akuti, "Pepani amayi, zimachitika, inenso yanga ili m'thumbamu."

Anawaveka chakumbuyo kutsogolo. Paukwati aliyense anayamikira sitayilo yatsopanoyo, ndipo chithunzi chake chili pakhoma pabalaza mpaka lero. Mitu itatu yotsalayo tonse tinagwirizana kuti tisawauze.