Mphunzitsi wa Kutsidya kwa Nyanja

Pamene anyamata ndi asungwana a Peace Corps anayamba kufika kuno m'chaka cha 1963, dziko likadatchedwa Nyasaland, makalaliki a ku Zomba ndi ku Limbe anakondwera ndi chimwemwe chachikulu, pakuti anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, ndipo ana awo adzalankhula Chingerezi cha m'mphuno chimene chitsegula zitseko za maofesi a boma. Koma taonani, iye amene anamuyembekezera ndi suti ndi galimoto anatsika basi ndi chikwama chakumsana, ndevu zosameta, ndi tsitsi logwera m'khosi, limene boma la a Kamuzu linadzaliletsa pambuyo pake, pamodzi ndi mathalauzi a akazi.

Miyezi yoyamba ndi ya mayesero. Mphunzitsi afulumira kuti belu lisamulirire panjira, koma akumana ndi mkulu wa mpingo amene afuna kudziwa m'mene wadzukira, m'mene adzukira amayi ake ku Ohio, ndi ngati kumeneko mvula yagwa. Pofika m'kalasi, nthawi ya galamala yatha. Akaitanidwa ku chakudya, asamba m'manja mwaulemu, nalowetsa zala zonse pakati penipeni pa mtanda wa nsima, pamene ngakhale kamwana kadziwa kuyambira m'mbali. Misozi ilengeza m'maso, iye nachitira umboni kuti nsima ndi yokoma ndithu.

Zoopsa zidza chaka chachiwiri, pakuti mlendo uja akatembenuka mtima, atembenuka monga Saulo panjira ya ku Damasiko. Asoketsa malaya a chitenje, agula nsapato za matayala, adya usipa ndi mitu yomwe, alimbana ndi mayi wogulitsa matimati theka la ola chifukwa cha kakobiri, nalonjera a kalaliki m'Chinyanja cha m'mabuku a mishoni, chimene ngakhale agogo anachisiya kalekale. A kalaliki, amene avala suti ndi tayi m'dzuwa la Okutobala, thukuta lili kamukamu, amuyankha m'Chingerezi cholemera cha m'makalata a boma. Ndipo awiriwo aima pakhonde la positi ofesi, yense atakakamira chinenero cha mnzake, popanda wofuna kugonja.

Madzulo a kalaliki auza akunyumba kwawo kuti mzungu ameneyu ayenera kuti ndi mwana wamasiye kwawoko, ndipo mawa amutumizire mazira.