Kodi Akusainitsa za Chiyani?

Lolemba lapitali ndinali pa benchi ya ometa pa Migowi, mutu wometedwa mbali imodzi, kudikira kuti magetsi ayake andimalize mbali yotsalayo. Tinalipo anthu asanu ndi mmodzi, atatu mwa ife mitu ili ngati munda womwe aganyu authawa pakati. Popeza panalibe kothawira ndi mutu wotero, tinakhala chete kumvera kawailesi ka mabatire, komwe kanali kuzenga mlandu.

Woimbidwa mlanduyo kunalibe, monga zimakhalira milandu yonse ya pa wailesi. Anali mnyamata wa konkuno, wosewera kutsogolo mu timu ina yaikulu ya mumzinda, yemwe Loweruka anabwera kudzaona chiliza cha agogo ake. Mlandu wake unali matama.

"Osewera athuwa akangotuluka kawiri mu nyuzipepala, basi ayamba kudzimva shuga," anatero muulutsi. "Ku Ulaya anzawo amaima pa geti kusainira ana majezi, mvula ili pamsana. Koma uyu watsekera anthu akwawo galasi la galimoto! Ukakwera pamsana pa njovu usamati kunja kulibe mame. Tiimbireni."

Anaimbadi. Woyamba anali bambo wa ku Chiringa, yemwe anayamba ndi kupereka moni kwa akazi awo, alamu awo a ku Limbe ndi mpingo wonse wa kwawo, ndipo mayunitsi anawathera asanafike pa nkhani. Wachiwiri anaimba kuchokera ku Nkhotakota. Ameneyu ndiye anafotokoza zonse mwatsatanetsatane, mpaka mtundu wa nsapato zomwe mnyamatayo anavala, ngakhale kuti phiri la Michesi sanalionepo ngakhale pa kalendala. Wachitatu anati boma lichitepo kanthu.

Ine ndinalipo Loweruka lija, ndipo ndinali nditaimirira pafupi ndi chiwaya, choncho mundilole ndipereke umboni.

Choyamba, anzathu a pa wailesi adziwe kuti mawu akuti "kusaina" kuno ku Phalombe si mawu oseweretsa. Munthu amasaina ku banki m'khonde akamatenga ngongole. Amasaina polandira Mtukula Pakhomo. Amasaina pa msonkhano wa mabungwe, nthawi ya masana, envulopu ya alawansi ikatuluka m'chikwama. Chiyambire napolo wa mu 1991, yemwe anatsetsereka m'phiri n'kukokolola midzi, kufikira namondwe wa Freddy wa mu Malichi 2023, anthu a kuno anaphunzira movutika kuti thumba la ufa limayambira pa dzina lolembedwa m'buku. Wochedwa pa mzere amagona ndi njala. Choncho pepala ndi bolopeni zikaonekera pa msika, miyendo imanyamuka yokha mutu usanafunse.

Galimoto ya magalasi akuda inaima pa chiwaya cha m'ma 2 koloko. Mnyamata wathu anatsika bwinobwino, napereka moni kwa wokazinga tchipisi, yemwe anaphunzira naye ku pulayimale. Kenaka kunatulukira kamnyamata ka Sitandade 6, kope la masamu lili m'manja. Kameneka kamaonera mpira wa Arsenal ndi Manchester United ku vidiyo sho, ndipo kanaonako ana a azungu akutambasulira osewera mapepala.

"Achimwene, mundisainireko," kanatero, mawu akunjenjemera.

Katswiri uja anasangalala. Ndikhulupirira kuti chiyambire kumenya mpira, aka kanali koyamba munthu kumupempha chinthu chosadula. Anatsamiritsa kope pa boneti, nayamba kukoka chilembo choyamba mwaulemu wake.

Apo mpamene mayi wina wogulitsa nandolo anatukula maso. Anaona galimoto yachilendo, munthu wovala bwino, ndi pepala likulembedwa. Umboni unakwana.

"Akulemba maina!"

Sindinaonepo Migowi ikukonzeka msanga chotero. Matebulo a tomato anatsala ndi ana. A kabaza anasiya makasitomala pa msewu, ena anathamangira kumudzi kukatenga apongozi. Ziphaso za unzika zinatuluka m'mipango, m'masokosi ndi m'malo ena omwe sitingawatchule m'magazini. Mkulu wina, yemwe palibe anamusankha, anathyola kamtengo nayamba kundandalika anthu mudzi ndi mudzi, amayi oyembekezera kutsogolo. Anganga ena anafika atanyowetsa kale chala chachikulu ndi malovu.

"Mwanawe, ine sukulu sindinapite. Ndingodinda."

"Agogo, sitikulemba maina," anatero mnyamata wathu. "Ndikungomusainira mwanayu kuti azindikumbukira."

"Ukusaina ndiwe?"

"Eya, agogo."

Mzere wonse unakhala zii. Anthu anayang'anizana. Kuno aliyense amadziwa lamulo lake: wosaina ndiye amalandira.

"Ndiye kuti akulandira ndi iyeyu?" anafunsa mkulu wa kamtengo uja. "Munthu wa galimoto, kulandira kwa mwana wa sukulu? Dziko lapita kuti?"

Mpaka lero kuli amayi ena kumbuyo kwa msika omwe akukhulupirira kuti ufa unabwera ndithu, koma anagawana a kutsogolo kwa mzere.

A ziphaso atabalalika mong'ung'udza, kunabwera gulu lachiwiri, la odziwa mpira. Awa ndiwo masapota enieni, ndipo alipo mitundumitundu.

Woyamba ndi wa selefi. Amakukumbatira pakhosi ngati mbuzi yopita ku msika, n'kutukula foni, foniyo n'kunena kuti yadzadza. Ndiye amayamba kufufuta zithunzi za ukwati wa mlongo wake chimodzichimodzi, dzanja linalo lisakusiye malaya. Akamaliza, batire yatha. Amatuma mwana kukabwereka foni ya mnzake ku tchajing'i, iwe uli chiimire m'khwapa mwake.

Wachiwiri ndi wachibale. Chiwerengero cha amalume a mnyamatayu chinakwera kuchoka pa awiri omwe timawadziwa kufika pa khumi ndi mmodzi. Asanu mwa iwo analumbira kuti ndiwo anamugulira mpira wake woyamba, pamene tonse tikukumbuka kuti mpirawo unali chikulunga cha majumbo a shuga chomangidwa ndi linya. Akuluakulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ukachenjera manja udya naye. Ife gawo loyamba la mwambiwu timalikumbukira mwana akagula galimoto, ndipo manja timachenjeretsa tsiku lomwelo. Matendawa si a kuno kokha. Temwa Chawinga atagoletsa zigoli 20 mu ligi ya ku America mu 2024, dziko lonse linatulukira mwadzidzidzi kuti lili ndi msuweni ku Rumphi.

Wachitatu ndi kochi wa pa benchi. Uyu mimba inamutsogolera kalekale, ndipo anathamanga komaliza tsiku lomwe anamupirikitsa galu wa abusa, koma amadziwa mmene penate imamenyedwera. "Aise, bwanji sumangomenya uli patali ngati Gaba?" Kuyambira pa 25 Januwale 2022, pamene Gabadinho Mhango anaponya chigoli chija kuchokera kutali pa masewero a Flames ndi Morocco ku Cameroon, wosewera aliyense wa ku Malawi ali ndi ngongole ya chigoli chotero kwa munthu aliyense wa pa benchi. Zoti masewerowo tinagonja 2 kwa 1, kochi wa pa benchi sazikumbuka.

Wachinayi ndi wobetcha, yemwe amabwera nkhope ili gwaa, kapepala m'manja. "Bigi, munandidyetsa ndalama ya feteleza sabata yatha. Mpira uja mukanangogunda ndi mutu. Ndiye tipanga bwanji?"

Wachisanu safuna zambiri. Amangoyang'ana nsapato zako, n'kuyang'ana phazi lake, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Saizi yathu ndi imodzi."

Pamwamba pa onsewa pali moni. Mzungu wa ku London akapempha siginecha, wosewera amakhwatcha kamodzi, nkhani yatha, aliyense wapita kwawo. Moni wa kuno sakhwatchidwa. Umagwira dzanja, lamanzere litagwirizira chigongono, bondo litapindika pang'ono ngati ali akulu. Mwaswera bwanji. Ndaswera, kaya inu. Kunyumba. Ana. Mayi aja mwendo uja unapola. Ku tauni mvula. Ukaganiza kuti mwamaliza, dzanja silikumasulidwa, chifukwa moni wathu ali ndi mchira, ndipo mchirawo ndiwo mutu wa nkhani: "Ndiye ya fanta, bwana?" Ena amati ya sopo, ena kangachepe, ena amangoti "tiwoneni". Fanta yake palibe anaionapo ikumwedwa.

Ndinayang'ana wotchi. Mnyamata uja anaimirira pa dzuwa mphindi 90 zathunthu, kuwonjezapo nthawi ya ovulala, popanda hafu taimu. Anagwira manja onunkha usipa, a mafuta a njinga, a thobwa. Anapereka ndalama zonse zinali m'thumba, ndi kapu yomwe. Tchipisi chake anadya amalume a nambala seveni. Galimotonso ija, ndikuuzeni mwachinsinsi, inali yobwereka, ndipo muvi wa mafuta unali utagona chafufumimba. Pomaliza, wa saizi imodzi uja atayamba kugwada kuti ayeze bwino, mnyamata analowa m'galimoto nakweza galasi.

Kukwera kwa galasiko ndi kumene munthu wina anajambula. Kavidiyo ka masekondi khumi ndi awiri kanafika pa Facebook dzuwa lisanalowe kuseri kwa phiri, ndipo ndi komwe a wailesi anaonera. Mphindi 90 zija palibe anajambula, chifukwa mafoni onse anali odzadza.

Sindikunena kuti osewera a matama kulibe. Alipo. Timawaona, zomvera nyimbo zazikulu ngati mbale za ndiwo zili kumakutu, kupereka moni ndi zala ziwiri ngati akutola nsabwe, kuyankha agogo awo m'Chingerezi chothyoka miyendo. Amenewo wailesi iziwakalipira ndithu, mutu ukakula sulewa nkhonya. Komatu muulutsi yemwe ankalalikira za kudzichepetsa uja, mutakumana naye pa Chitakale n'kumupempha kuti akutchuleni dzina pa pulogalamu, mudzamva kuti akuthamangira ku situdiyo.

Titayamba kukangana zimenezi kwa ometa kuja, ndinazindikira kuti pa mapeto a benchi panali munthu yemwe sanalankhulepo. Ndi bambo wochepa thupi, wa akatumba olimba ngati mizu ya mkungudza, yemwe pa Migowi timangomuti "uja wa zikwama za azungu". Ntchito yake ndi kusenza katundu wa alendo okwera phiri. Amalowera pa Fort Lister, pa mpata wa pakati pa Michesi ndi Mulanje, kukwera mpaka ku kanyumba ka Sombani, ndipo mlendo akakhala wa mtima amakafika naye pa Sapitwa, mamita 3,002 kuchokera pa nyanja yamchere. Mlendo amafika pamwamba akupumira m'kamwa, atanyamula botolo la madzi lokha. Bamboyu amafika ndi chikwama, mapoto ndi chakudya cha masiku atatu, n'kuyamba kusonkha moto.

Wathamangaponso kangapo mpikisano wa Porters Race, womwe umachitika nyengo yozizira mbali ya ku Mulanje. Amanyamukira pa Likhubula, kukwera Chambe, kudutsa pamwamba kupita ku Lichenya, n'kutsetsereka kubwerera pa Likhubula pomwepo. Ndi mtunda woposa makilomita 20 wa miyala, mitsinje ndi zitunda zoti mbuzi imayamba yaganiza kaye, ndipo opambana amaumaliza m'maola awiri ndi mphindi zowerengeka. Munthu wamba ulendo womwewo amauyenda tsiku lonse, mawa lake n'kumatsika masitepe chammbuyo.

Zithunzi za bamboyu zapachikidwa m'nyumba za ku Ulaya, atakumbatirana ndi alendo pa nsonga ya phiri. Pa Migowi palibe anamupemphapo selefi. Alibe amalume owonjezera. Loweruka lija nayenso anaima pa mzere ndi chiphaso chake, ndipo mkulu wa kamtengo anamubwezera kumbuyo chifukwa cholowerera.

Posakhalitsa kamnyamata ka Sitandade 6 kaja kanadutsa kuchokera ku sukulu, nkhope ili yakugwa. Ndinakaitana kuti tione chuma chake. Kanatsegula kope. Siginecha inalipo theka, chilembo chimodzi chachikulu ndi mzere wokhota wosonyeza pomwe anganga aja anagunda chigongono cha katswiri. Pambali pake aphunzitsi a masamu anali atathetha ndi bolopeni yofiira, n'kulemba kuti aonetse njira yomwe wapezera ansala.

"Usadandaule," ndinatero. "Katswiri wina ali pompano. Apatse awo asaine."

Kamnyamata kanayang'ana bambo uja kuyambira ku mapazi, komwe kunali nkhwaira za tayala, mpaka kumutu. Kanandiyang'ananso ine ndi mutu wanga wa theka, ngati kakukayika ngati ndine munthu woyenera kumumvera. Koma poti ndi mwana woleredwa bwino, kanapereka kope ndi manja awiri.

Bambo wa zikwama anapukuta manja pa buluku. Anaika kope pa bondo, nalemba dzina lake lonse, la makolo lomwe, chilembo chimodzichimodzi, lilime litatuluka pang'ono pakona pa mlomo. Atamaliza anauzira inki kuti iume, nabweza kope ndi manja awiri. Kenaka anasendera kufupi ndi ine, nayang'ana uku ndi uku kuti ena asamve, nandinong'oneza:

"Achimwene, ndiye akuti tidzalandira liti?"