Poker ya Mjigo pa Khombedza

Mjigo wa kuseri kwa msika utafa, komiti ya chitukuko inakhala pansi pa mtengo wa mango n'kuona kuti njira zakale zopezera ndalama zinali zitatha mphamvu. Pepa Sande anthu anali atatopa nayo, moti ena ankafika kutchalitchi mbale itadutsa kale. Ulendo wa ndawala sunakope munthu, chifukwa pa Khombedza anthu amayenda wapansi tsiku ndi tsiku popanda wowaombera m'manja. Ukwati wachiyerekezo wa chaka chatha unathera kubwalo la a Nyakwawa, poti mkwati anapitiriza udindo wake mwambo utatha.

Apa m'pamene anaimirira mnyamata wina wobwera kumene kuchokera ku Joni, kumene akuti ankaperekera zakumwa m'nyumba ina ya kasino ku Johannesburg. Iye anati azungu akafuna kuthandiza osauka sayenda padzuwa ayi. Amakhala pansi, aliyense amalipira polowa, amasewera makadi otchedwa poker, ndalama zonse n'kupita kuchitukuko, wopambana n'kulandira kamphatso chabe.

"Imeneyo ndi njuga," anatero a mkulu wa mpingo, uku akubweza m'thumba foni imene tonse timadziwa kuti imauluka ndi kandege usiku uliwonse.

Anakambirana mpaka dzuwa kupendeka. Aphunzitsi anakumbutsa komiti kuti m'dziko muno muli bungwe la MAGLA loyang'anira njuga ndi malotale, ndipo n'kwanzeru kukafunsa kaye. Anthu asanu anadzipereka nthawi yomweyo kupita ku Lilongwe, koma atamva kuti ya thiransipoti palibe, onse anagwirizana kuti nkhaniyi ndi yaing'ono, si yovutitsira boma. Chigamulo chinali chakuti popeza palibe wopita kwawo ndi ndalama, ndipo mphoto ndi mbuzi imene a butchala analonjeza, masewerawo ndi oyera. Polowa panali K2,000, Chilembwe mmodzi. A Shehe anatumiza yawo kudzera mwa mwana, n'kunena kuti mjigo akuufuna koma mpando wawo aupatse wina.

Ine ndinalowa chifukwa mayi a kunyumba anali atatopa kukatunga madzi kutali, ndipo anandiuza zimenezi m'njira yoti sindikanatha kuimva molakwika. Makadi ndinali ndisanawagwirepo. Za bawo ndiye mukanandifunsa.

Kalata yoitanira anthu inati 8 koloko m'mawa, mu holo ya vidiyo ya m'mbali mwa msewu wa M5, uja wochoka ku Salima kupita ku Nkhotakota. Tinayamba dzuwa lili paliwombo, chifukwa mlendo wolemekezeka sangafike anthu asanatope. Panali pemphero lopempha kuti Ambuye atsogolere makadi, kenaka malonje, kenaka aliyense wolankhula analemekeza aliyense amene analemekezedwa kale ndi wolankhula woyamba. Galimoto za nzimbe zikamadutsa pamsewu, mawu ankamira, ndipo wolankhulayo ankayambiranso pa a Nyakwawa.

Wa ku Joni uja anafotokoza malamulo. Mtundu wake ndi Texas Hold'em. Aliyense alandira makadi awiri obisa. Patebulo pagwa makadi asanu a tonse: atatu kaye, kenaka limodzi, kenaka lomaliza. Pakati ponsepo umaika, kapena kuwonjezera pa zimene mnzako waika, kapena kutaya makadi ako n'kupulumutsa zotsala. Makadi amayenera kukhala 52. Athu anali operewera atatu, ndiye anadula ena pa katoni ya sopo n'kulemba ndi bolopeni, moti aliyense wolandira kwini wa mtima ankadziwika ndi holo yonse, ngakhale ndi fungo.

M'malo mwa ndalama tinagwiritsa ntchito zitsekerero za mabotolo. Cha Fanta chinali chaching'ono, cha Coca-Cola chapakati, cha Carlsberg chachikulu. A mkulu wa mpingo anakana kukhudza za mowa, ndipo anapempha kuti awasinthire zonse zikhale za Fanta. Mulu wawo unakula kuposa wa wina aliyense, nkhope yawo n'kuwala ngati apambana kale.

Pofuna kutilimbitsa mtima ife osadziwa, mnyamatayo anasimba za Chris Moneymaker, wowerengera ndalama wamba wa ku Tennessee, amene mu 2003 anapita ku Las Vegas kumpikisano wa World Series of Poker, womwe unayamba mu 1970, n'kugonjetsa akatswiri onse, kutenga madola 2.5 miliyoni. A msungichuma a komiti atamva kuti munthuyo anali wa ntchito ngati yawo, anakhala tsonga n'kukonza kolala.

Vuto loyamba linabuka khadi loyamba lisanatere. Wa ku Joni anaponya makadi mwaukatswiri, akuuluka patebulo mpaka pamaso pa a Nyakwawa. Nduna yawo inaimirira.

"Iwe, wakulira kuti? Mfumu amaiponyera zinthu?"

Kuyambira pamenepo wogawa ankazungulira tebulo, kugwada, n'kupereka makadi ndi manja awiri kwa aliyense womuposa zaka, kutanthauza pafupifupi tonse. Lamulo loti anthu awiri aziyamba aika kanthu asanaone makadi linayenda bwino mpaka litafika pa a Nyakwawa, pamene nduna inafotokoza kuti mfumu siyamba kupereka, imalandira. A Nyakwawa eniake sanalankhule tsiku lonse. Ankanong'oneza nduna, nduna n'kulengeza kuti, "Gogo akuti awonjezera ziwiri za Fanta."

Kenaka mnyamata uja anafika pa chimene anati ndiye mtima wa poker: kunamiza anzako. Ukhale ndi makadi oola koma nkhope ikhale ya munthu wokhuta. Anatenga nthawi yaitali kufotokoza zimenezi, osadziwa kuti akuphunzitsa ng'ona kusambira. Pa Khombedza luso limeneli timayamwira. Mayi wa usipa amalumbira kuti pa mtengo umenewo akungokuthandizani, iye sapezapo kanthu. Wa kabaza amati ndi pafupi pomwepa. Mlendo amati wadya kale m'mimba mukulira mabingu. Munthu wa ngongole ya pagolosale amadutsa pakhomo pa golosaleyo ataika foni yozima kukhutu, akukalipira munthu wa ku Lilongwe. Tebulo lathu linali ndi nkhope zoti Las Vegas ikanazilipira.

Chimene tilibe ndi theka linalo. Poker imafuna kuti wina akanama, iwe umuuze pagulu kuti aonetse makadi. Kwathu kuno bodza la munthu wamkulu salivundukula. Umavomera kuti "zoonadi, bambo," n'kukaseka kunyumba chitseko chitatsekedwa. Ndiye masewero anayamba kuyenda motsata zaka ndi udindo. Aphunzitsi akawonjezera, makolo a ana a sitandade 8 ankataya makadi. A mkulu wa mpingo akawonjezera, akwaya onse ankataya. Nduna ikangotsegula pakamwa, tebulo lonse linkataya, ena asanaone n'komwe zimene agwira.

Mipando tinachita kutola timapepala, ndipo kapepala kanga kanandiika moyang'anizana ndi apongozi anga aamuna. Wa ku Joni anali atanenetsa kuti chinsinsi ndi kuyang'ana mnzako m'maso osaphethira. Ine ndine mkamwini. Chikwatirire, nkhope ya apongozi ndimaidziwira pa chithunzi cha ukwati. Tikakumana panjira ndimapatukira kutchire n'kupereka moni kwa mtengo wapafupi. Ndiye pamene ena ankawerenga maso, ine maso anga anali pansi pa tebulo, pamene panali mapazi a apongozi m'patapata.

Kumeneko n'kumene kunali nkhani yonse. Apongozi akagwira makadi abwino, mapazi ankakhala phee. Akagwira zinyalala n'kumawonjezera molimba mtima, chala chachikulu cha kumanja chinkayamba kuvina chokha. Ndinachikumbukira chala chimenechi. Chinavinapo tsiku limene anandiuza kuti thumba la feteleza limene ndinasungitsa kwawo linadyedwa ndi chiswe. Akamwini a dziko lino akudziwa zambiri za mapazi a apongozi awo kuposa a chipatala, kungoti palibe amawafunsa.

Dzuwa litapendeka, wogawa anagwada n'kundipatsa makadi anga. Nditasuzumira ndinaona ma esi awiri. Ngakhale ine wosadziwa ndinali nditamva kuti palibe makadi oyambira oposa amenewa, ndipo amabwera kamodzi pa maulendo 221. Apongozi anakhosomola, n'kukankhira zitsekerero zawo zonse pakati.

"Zonse," anatero, akuyang'ana kudenga, poti nawonso sangandiyang'ane.

Pansi pa tebulo chala chinali pa chimtali.

Ena onse anataya. Holo inakhala chete, anthu a matebulo ena n'kubwera kudzaimirira kumbuyo kwathu. Wa ku Joni, amene anaona makadi anga podutsa, ankanditsinzinira diso mpaka ndinaopa kuti ladwala. Ine ndinayamba kuwerengera, monga amachitira akatswiri. Nyumba imene ndimagona ili pa malo a kwawo kwa mkazi wanga. Dimba limene ndimalima mpunga ndi la amayi ake. Njinga imene ndinabwerera ndi ya alamu. Mbali inayi kunali mbuzi imodzi, yomwe ndinali ndisanaione n'komwe. Ndipo ndikanapambana, nkhani yokafika kwa ankhoswe sikanakhala ya ma esi. Ikanakhala yakuti mkamwini anatcha apongozi ake wabodza pamaso pa a Nyakwawa, mpingo ndi ana a sukulu osuzumira pawindo.

Ndinaika makadi anga pansi chafufumimba, ndi manja awiri.

Lamulo silikakamiza wopambana motero kuonetsa makadi, koma apongozi sakanalola mwayi wotere kudutsa. Anatembenuza 7 ndi 2, a mitundu yosiyana, amene wa ku Joni anatiuza m'mawa kuti ndiwo makadi oipitsitsa oyambira nawo.

"Akamwini," anauza denga, "masewerawa amafuna mtima."

"Zoonadi, bambo," ndinauza patapata.

Amene anasokoneza dongosolo lonseli ndi mayi wina wosunga bokosi la banki m'khonde. Mayiwa sankadziwa ngati jeki amaposa kwini, ndipo ankafunsa poyera nthawi iliyonse. Koma aliyense m'holomo, kuyambira aphunzitsi mpaka a butchala, dzina lake kapena la mkazi wake linali m'kope lawo. Munthu akakankha mulu wa zitsekerero ndi nkhope ya bwana, iwo ankangomuyang'ana monga amachitira Lachisanu pa tsiku lobweza.

"Inu simunakhalepo ndi kanthu chiyambire. Onetsani."

A mkulu wa mpingo anaonetsa, Fanta yense n'kusamuka. A msungichuma anaonetsa, za Las Vegas n'kuthera pomwepo. Apongozi anayesanso za 7 ndi 2 zija, ndipo anatuluka akunena kuti azimayi a masiku ano alibe mwambo. Ine ndinali nditatha kale mwakachetechete, zitsekerero zanga zitapita chimodzichimodzi kwa anthu oyenera ulemu.

Pomaliza anatsala mayiwo ndi a Nyakwawa. Nduna inalengeza kuti Gogo aika zonse. Mayi aja anatsika pampando, anagwada, anaomba m'manja mwaulemu wonse, n'kunena kuti, "Pepani Gogo, tione nawo." Gogo anali ndi kwini wa sopo ndi 4. Nduna inafotokozera anthu kuti mfumu sinagonje, yangosiyira ana.

Itafika nthawi ya mphoto, kunapezeka kuti mbuzi ija ndi imene tinadyera nsima masana, popeza mlendo wolemekezeka sakanadyera nyemba. Wopambana analandira chikopa, mutu ndi kuwomba m'manja katatu. A msungichuma anawerenga lipoti: holo, mafuta a jenereta, ufa, thiransipoti ya mlendo wolemekezeka, kangachepe ka komiti pa misonkhano yokonzekera, ndiponso makireti a zakumwa amene anayenera kugulidwa ndi kumwedwa kuti tipeze zitsekerero. Atachotsera zonse, mjigo unapezeka kuti uli ndi ngongole kwa komiti.

Agwirizana kuti mwezi wamawa kukhale mpikisano wina wobwezera ngongoleyo. Dzulo apongozi anatuma mwana kudzandiuza kuti ndiwalipirire polowa, ndiponso kuti alankhula kale ndi a komiti kuti tidzakhalenso tebulo limodzi.