Mbale wa Therere Amene Anakana Khasu

Anthu ophunzira za zomera, amene ntchito yawo ndi kulondola mibadwo ya mitengo ndi zitsamba, amatiuza kuti therere lobala, thonje, chidede, limanda ndi denje, ngakhalenso mlambe wa m'zigwa za Shire, onsewa ndi ana a mbumba imodzi. Ndipo munthu ukaiyang'ana mbumba imeneyi sungalephere kuivulira chipewa, pakuti therere latsitsa nsima m'nyumba zosawerengeka pa miyezi imene ndiwo zina zimasowa, thonje laveka ausiwa ndi kulipirira ana sukulu ku Chikwawa ndi ku Balaka, chidede chimapatsa ndiwo ndi chakumwa chomwe, ndipo mlambe, ngakhale uli nkhalamba, sunaleke kugwetsera ana malambe. Koma palibe mbumba imene imasowa mwana mmodzi amene anapita kutauni, nakana khasu, nabwerako ndi suti yofiira ndi manja osalala. Ndipo mwa ana onse a banja lolemekezekali, ameneyo ndiye anagwera pakhomo panga kuno ku Chilomoni. Dzina lake ndi haibisikasi.

Kumaiko ena mnyamatayu ndi wolemekezeka ndithu, ndipo ndiyambe ndanena zimenezi kuti owerenga asandiyese munthu wotola zilizonse. Carl Linnaeus, katswiri wa ku Sweden amene anapatsa zomera maina a Chilatini, anamulemba m'kaundula wake m'chaka cha 1753. Dziko la Malaysia linamusankha m'chaka cha 1960 kukhala duwa la fuko lonse, kotero kuti nkhope yake imaoneka pa ndalama zawo zachitsulo. Ndipo ku Bengal, Ahindu amapereka duwa lake lofiira kwa mulungu wawo wamkazi Kali. Koma kwanga kuno anafika atakulungidwa m'nyuzipepala yonyowa, m'thumba la jekete, nditathyola nthambi zingapo pa mpanda wa nyumba ina ya ku Namiwawa kumene ndinatumidwa kukasiya kalata. Amene akufuna kuutcha umenewu umbava achite kufuna kwawo. Ine ndikudziwa kuti nthambizo zinali zitalendewera kumsewu, ndipo msewu ndi wa ife tonse okhoma msonkho. Galu wa pamenepo yekha ndiye anali ndi maganizo ena, ndipo chifukwa cha iyeyo tsiku limenelo ndinabwerera ku ofesi msanga kuposa masiku onse a utumiki wanga.

Nthambi yobzala imafunika ikhale yosakhwimitsitsa komanso yosakhala yanthete, yotalika masentimita 15 kapena kuposerapo pang'ono. Umaisadza masamba a m'munsi, nuizika mumchenga wonyowa pamthunzi, nuivundikira ndi jumbo kuti chinyezi chisathawe, ndipo ukatero umaisiya pafupifupi miyezi iwiri kuti itulutse mizu. Makolo anati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma makolowo sananene kuti munthu asamayendere ntchito yake. Chotero ine, pokhala munthu wosamala, ndinkazula nthambizo madzulo alionse kuti ndione ngati mizu yayamba, ndi kuzibwezeramo mwaulemu wonse. Zonse zinafa ndi nthenda yosadziwika, kupatula imodzi imene chitini chake ana anachikankhira kuseri kwa bafa, kumene ndinachiiwala kufikira tsiku limene ndinachipeza chili ndi masamba atsopano.

Pamene ndinali kukumba dzenje kumpoto kwa khonde, kumene dzuwa limakhalitsa ngakhale m'miyezi yozizira, mayi a kunyumba anabwera naima chapatali, manja ali m'chiuno.

"Kodi abambo, chimenechi chidzabala chiyani?"

"Maluwa, amayi."

"Nanga maluwawo akatha?"

"Maluwa ena."

Iwo anayang'ana dzenje lija, nayang'ana malo amene ankafuna kudzalapo mpiru, nalowa m'nyumba osanena kanthu; ndipo amuna anzanga amene mwakhalitsa m'banja mukudziwa kuti kukhala chete kotere ndi mlandu umene wangoimitsidwa kuti udzalowenso m'bwalo tsiku lina.

Tsono mverani zofuna za mlendo ameneyu. Amafuna dzuwa la maola asanu ndi limodzi kapena kuposerapo pa tsiku, koma chiperoni cha mu June ndi July chikatsika, amachita chikasu nagwetsa masamba modandaula. Amafuna madzi kawirikawiri, pakuti nthaka ikangouma amayoyola timaluwa take tonse tisanamasule. Koma madzi omwewo akaima m'mizu, mizuyo imaola, ndipo masamba amachitanso chikasu chimodzimodzi, kotero kuti munthu sudziwa ngati wachimwa pomumana kapena pomupatsa. Ndipo madzi a mu Blantyre si madzi wamba oti munthu n'kumangothira pansi: ambiri mwa iwo amachokera ku Shire, pa Walker's Ferry, mtunda wa makilomita pafupifupi 40, ndipo amachita kukankhidwa ndi mapampu a magetsi kukwera zitunda zonse kufikira atafika mumzinda. Mayi a kunyumba, amene amasunga mapepala a mabilu m'chitini cha mabisiketi, anandikumbutsa kuti madzi amene ayenda ulendo wotere, nakwera mapiri otere, sayenera kukathera pa mizu ya mlesi.

Chiyeso chachikulu chinadza m'mwezi wa October, pamene mpopi unangotulutsa mpweya ndi kukhosomola kwa masiku otsatizana, ndipo madzi otsala m'ndowa anali atawerengedwa kale: awa a nsima, awa osamba ana a sukulu. Poona masamba a chitsamba changa atalendewera, ndinanyamula chigubu mbandakucha, ndi kupita kukaima pamzere wa pamjigo, mwamuna ndekha pakati pa amayi. Taonani, mbiri yanga inabuka m'dera lonse. Amayi aja anandipatsa malo kutsogolo. Ena anandiloza kwa ana awo aakazi kuti akadzafuna mwamuna adzafune wotere. Ndipo ndinamva kuti dzina langa linatchulidwa pa msonkhano wa amayi a Chinayi monga chitsanzo cha bambo amene salola kuti mkazi wake athyoke khosi ndi ndowa. Ulemerero umenewu ndinaulandira modzichepetsa, osautsutsa, pakuti si bwino kukhumudwitsa anthu amene akusangalala ndi chilungamo cha mnzawo. Unatha tsiku limene mwana wanga wamng'ono, amene anandiperekeza, anafunsidwa ngati amayi ake akudwala, ndipo iye anayankha mokweza, ndi mtima woyera wa ana, kuti amayi ali bwino ndipo abwera kudzatunga awo dzuwa likatuluka, pakuti awa ndi a maluwa a adadi. Chiyambire tsiku limenelo ndimaima kumapeto kwa mzere.

Za chakudya cha haibisikasi ndinena mwachidule, chifukwa nkhaniyi ili ndi mbali zina zimene sizinathe kukambidwa m'nyumba mwathu. Feteleza wa chimanga amene tinakula naye, uja wolembedwa 23:21:0+4S pathumba, ali ndi fosiforasi wambiri ndipo alibe potaziyamu ngakhale pang'ono, monga ziro ujayo achitira umboni. Pamene haibisikasi, posafuna kufanana ndi mbewu za anthu wamba, amafuna potaziyamu wochuluka ndi fosiforasi wochepa. Yureya naye, amene nayitrojeni wake ndi magawo 46 pa 100, amangomunenepetsa masamba. Zimenezi ndinazitsimikiza ndi maso anga pamene thumba la mayi a kunyumba, limene linkadikira mvula kuti lipite kukamunda kawo ka ku Chileka, linayamba kuphwa modabwitsa, ndipo chitsamba changa chinasanduka chobiriwira bii, chamasamba onyezimira, chopanda duwa ndi limodzi lomwe. Lero amadya manyowa owolerana ndi kaphulusa pang'ono ka pambaula, ndipo thumba lija limagona kuchipinda, kumbali ya bedi imene si yanga.

Msipu wotere sukanalephera kuitana alendo. Nditatembenuza nsonga ina yanthete m'mawa wina, ndinapeza nsabwe za m'masamba zitaunjikana mpaka tsinde losaoneka, masamba a m'munsi ali nyatanyata ndi madzi otsekemera amene tizilomboti timatulutsa, ndi nguwi yakuda itayamba kumera pamenepo. Ndipo nyerere zinali kukwera ndi kutsika pamzere, pakuti nyerere zimaweta nsabwezi ndi kuziteteza kwa adani awo kuti zizimwa madzi otsekemerawo. Indetu chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mankhwala ake ndi madzi a sopo pang'ono, owaza kunsi kwa masamba dzuwa litapepa, ndi kubwereza pakapita masiku; ndipo sopoyo, monga mwaganizira kale, anali wochapira wa mayi a kunyumba.

Koma chimene chinandichepetsa pamaso pa anthu ndi mbuzi. Anzanga ankandiuza kuti haibisikasi amamasula pa nthambi zatsopano zokha, ndipo kuti dzinja lisanafike, kuzizira kukangotha, umayenera kumudulira, kuchotsa ngati gawo limodzi mwa magawo atatu a nthambi iliyonse, podula pamwamba pa mfundo. Koma ine ndinakana kwamtuwagalu, pakuti sindinaone nzeru yolera chinthu ndi madzi a pamjigo kenaka n'kuchitengera mpeni. Ndipo kunali Loweruka lina, ife tili ku ukwati, kuti mbuzi ya mnansi wathu inadula chingwe, nilowa pampata wa mpanda, nigwira ntchito imene ine ndinaikana, mosasiya tsamba ndi limodzi lomwe pamene khosi lake linafika. Ndinapita nayo nkhaniyi kwa anyakwawa ndi mtima wosweka, ndipo iwo analonjeza kudzaona okha chiwonongekocho. Koma poti kunagwa maliro, kenaka chinkhoswe, kenaka maliro ena, anafika patapita miyezi iwiri, napeza chitsamba chitaphuka nthambi zatsopano mbali zonse, nsonga iliyonse ili ndi kaduwa, ndi maluwa ofiira psuu atamasula pamaso pa mboni zonse. Anyakwawa anazungulira chitsambacho kawiri, nakhosomola, nafunsa mwaulemu kuti wodandaula ndani pakati pa ine ndi mbuzi. Mwini mbuzi, munthu wachifundo, anati za malipiro a ntchito ya chiweto chake tisavutike nazo.

Duwalo, kunena zoona, ndi lokongola, ndipo pano ndilankhule mosaseka. Limayamba ngati kansonga kobiriwira kopotana, tsiku lotsatira kufiira kumasuzumira kunsonga, ndipo m'mawa wake limatambasula masamba ake asanu, opyapyala, amizeremizere, ofiira kwambiri chapakati, ndi kamtengo katali kotuluka pakatipo, konyamula ufa wachikasu m'mbali ndi timitu tisanu tofiira kunsonga. Koma moyo wake ndi wa tsiku limodzi: limamasula m'mawa, madzulo lapinda, mawa lake lili pansi. Tsono lingalirani za ine, amene ndimanyamuka kusanache kuti ndipeze minibasi mtengo usanakwere, ndi kubwerako mdima utagwa. Ndimasiya kansonga, ndimapeza chofota. Amene amaona ulemerero wonse, atakhala pamkeka ndi kapu ya tiyi, ndi mayi a kunyumba, amene sanathirepo ngakhale kapu imodzi ya madzi, ndipo madzulo amandipatsa lipoti pamodzi ndi madzi osamba m'manja: "Lero anamasula anayi, abambo. Mukanawaona." Lamulungu lokha ndi limene ndikanadzionera ndekha, koma ndinalakwitsa kuuza mwana wanga wamwamuna kuti ku India anthu amapukutira nsapato maluwa amenewa, chifukwa madzi ake amadetsa ndi kuwalitsa chikopa, ndipo kuyambira pamenepo nsapato za banja lonse zimafika kutchalitchi zikunyezimira, chitsamba chili mbee.

Apongozi anga aakazi atabwera kuchokera ku Ntcheu, anakhala pakhonde nayang'anitsitsa chitsambacho, nathyola tsamba limodzi, nalifikisa pakati pa zala, naona kuti likutelera. Mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Popeza mwambo sulola mkamwini kutsutsana ndi apongozi maso ndi maso, ndinangoima kuseri kwa chitseko ndi kumvetsera nsonga zonse zanthete, zimene zikanabala maluwa a mwezi wotsatira, zikugwera m'lichero. Ndipo madzulo ake zinabwera patebulo zitaphikidwa ndi soda ndi tomato. Anatumiza mdzukulu wawo kudzandifunsa ngati ndiwo zakoma. Ndinabweza mawu akuti zakoma kwambiri, ndipo chondiwawa n'chakuti sindinaname.

Mwezi wathawu kunabwera eninyumba, amene pa zaka zonse zimene takhala muno sanaonepo denga lodontha ngakhale tawalozera ndi chala. Anaima pachipata, nayang'ana maluwa, nagwedeza mutu mokondwa, nati sankadziwa kuti nyumba yawo ndi yooneka bwino chotere, ndipo kuti nyumba ya maonekedwe amenewa singakhale pa lendi yakale. Nditanena kuti ngati zili choncho ndizula chitsamba changa ndi kusamuka nacho, anandikumbutsa mofatsa kuti mizu yake ili m'nthaka yawo. Kenaka anandipempha, monga katswiri, kuti ndiwadulireko nthambi zokabzala ku nyumba zawo zina za ku Ndirande ndi ku Bangwe, kuti nakonso zinthu zisinthe. Ndinawadulira zabwino kwambiri, zotalika masentimita 15, ndi kuwakulungira m'nyuzipepala yonyowa. Ndipo powaperekeza kumsewu ndinawalangiza mobwerezabwereza kuti asamachite ulesi, azizizula madzulo alionse kuti aziona ngati mizu yayamba.